Nyani amene ndinamusiya adye chimanga

Apongozi anga aakazi sindinawakhululukire, ndipo munthu asabwere kudzandiuza kuti zakale n'zakale.

Ndinali pa chitengwa kwa amuna anga, kuseri kwa Thambani, pamene mwana wanga woyamba anabadwa atafa kale. Mwana wotere amati nthayo. Amayi akuluakulu anamukulunga m'kansalu n'kukamuika okha kumanda, ine osandionetsa ngakhale kaphazi. Nditayamba kulira, apongozi ananditseka pakamwa ndi chikhatho.

"Khalani chete, inu! Nthayo salira. Mukufuna musadzaberekenso?"

Lamulungu lake anabwera kuchokera kutchalitchi atanditengera mfundo ina.

"Kanthu kaja kanalibe mzimu," anatero. "Mzimu umalowa ndi mpweya woyamba, ngati mmene zinakhalira ndi Adamu. Chikukupwetekanicho ndi thupi chabe, mawere odzazawo. Ngakhale mbuzi imatero. Munthu wa Mulungu amagonjetsa zathupi."

Mbuzi! Ine amene ndinamva mwanayo akundimenya m'mimba miyezi yonse ija, ati mbuzi. Mtima unandiwira, koma mtengwa sayankha, ndinangomeza.

Chimanga chitayamba kukhwima ananditumiza kukalondera anyani kumunda wa m'tsinde mwa phiri, poti khasu ndinali ndisanayambe kulitha. Ndinkakhala pachulu ndi chitini chogogoda ndi mulu wa miyala. Tsiku lachitatu gulu la anyani linatsika. Nditakweza mwala, ndinaona nyani wamkazi akutsalira m'mbuyo, akuyenda motsimphina. Dzanja limodzi linali litafungata kamwana kakufa, kouma kale, ntchentche zikukatsata. Anakhala pansi, n'kuyamba kukapesa ubweya ndi zala. Kenaka anakaika kubere.

Ndili Fomu 2 aphunzitsi anatiuza kuti ife ndi anyani kholo lathu ndi limodzi, ife n'kumaseka kuti akunena makolo awo okha. Koma tsiku limeneli, kumunda kuja, sindinaseke. Ngati chimene chinali m'chifuwa mwa nyani uja ndi thupi chabe, ndiye mzimu umene apongozi ankanyadirawo ndi wantchito yanji? Wotseka anthu pakamwa?

Mwala ndinautaya pansi. Nyani uja anathyola chimanga, anzake n'kulowa nawo, mizere n'kumagwa ine ndikuyang'ana. Ndinakhala pachulu paja n'kulira maliro a mwana wanga, mokuwa, mpaka mawu anasasa.

Apongozi anafika dzuwa lili pamutu, n'kupeza mapesi ali mbwee.

"Mayo ine! Mwapenga kodi? Tidya chiyani chaka chino?"

Ndinaimirira n'kuwayang'ana m'maso, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo chikwatiwire.

"Nyani uja akudziwa pamene pali mwana wake," ndinatero. "Wanga munamuika pati?"

Anawerama n'kuyamba kutola zitsononkho, ngati sanamve. Ndinafunsanso chaka chotsatira, ndinafunsanso nditabereka wachiwiri. Anamwalira osandiuza, ndipo anzawo amene anapita nawo kumanda tsiku lija anatha onse. Mpaka lero ndikamadutsa pamanda paja sindidziwa koti ndiyang'ane.