Mzere wachikasu pa masitepe a mtsinje

Mpaka lero ndikamva fungo la matope a mtsinje madzi ataphwera, mtima umabwerera ku Woolwich, dera la ku London, pa tchuthi chachitali cha chaka chomwe ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Linali fungo la mchere, dizilo ndi zinthu zowola, ndipo linkalowa pazenera la kukhitchini mphepo ikamachokera kumadzi. Ine ndi amayi tinkakhala m'fulati ya pansi penipeni, misewu iwiri kuchokera ku mtsinje wa Thames. Anthu ankati imeneyo ndi nyengo yadzuwa, koma chaka chimenecho mvula inagwa ngati yatumidwa.

Tisanabwere ku London tinkakhala ku Chikwawa, ndipo ndili ndi zaka zisanu madzi analowa m'nyumba mwathu. Sindikumbuka zambiri, koma ndikukumbuka mphasa ikuyandama ndi mbuzi yathu ikulira, ikupita. Ndiye nditayamba kuona pa TV magalimoto atamira m'matauni ena a ku England, mantha akale aja anadzuka onse. Choipa kwambiri chinali chakuti mtsinje wathuwo unkakwera kawiri pa tsiku. M'mawa unkaona matope ndi matayala akale, masana madzi ali tho, akunyambita khoma. Ndinatenga nsapato zanga zakutchalitchi ndi mapasipoti athu n'kuziika pamwamba pa firiji. Chakudya chinasiya kulowa.

Amayi ankagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, ndipo akamanyamuka ndinkawakakamira yunifomu ndikulira. Anachedwa kawiri sabata imodzi chifukwa cha ine. "Tiya, ndisiye, basi indisiya! Manijala wandipatsa kale woningi. Kuno si ku Chikwawa, wamva?" Koma ndikawafunsa kuti nanga madziwo akukwereranji, ankangoti Mulungu alipo. Ndinkadziwa kuti alipo, koma ku Chikwawa analiponso.

Pothedwa nzeru, amayi anapempha Mayi Garrod, mzungu wokalamba wa fulati ya pamwamba pathu, kuti ndizikhala nawo masana. Amayi ankawamanga bala la pamwendo Lamlungu lililonse, choncho sanakane, ngakhale nkhope yawo inaonetsa kuti ana sankawafuna kwenikweni. Amayi anali atalengeza kale kwa anzawo kutchalitchi kuti mayiwo pa utsikana wawo anali modelo, wa aja ovala madiresi n'kumajambulidwa. Ankati anawauza okha kuti anagwira ntchito ya modelin'i zaka makumi atatu. Ine ndinkawayang'ana, afupi, juzi yobooka ndi moto wa fodya, tsitsi ngati alidula ndi mpeni wa buledi, n'kumati dziko lino lili ndi zodabwitsa.

M'nyumba mwawo munkanunkha fodya, tiyi wozizira ndi mapepala akale. Pakhoma panali chithunzi cha mtsikana wamagalasi ataima pafupi ndi makabati aatali odzaza chipinda chonse. Tsiku lachitatu ndinalimba mtima n'kufunsa ngati madiresi awo onse ankakwana m'makabatimo. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anaseka mpaka kutsokomola, misozi ikutsika. "Mwana iwe, imeneyo ndi kompyuta," anatero. "Ine sindinavalepo diresi labwino moyo wanga wonse. Modelin'i yanga inali yopanga mtsinje wa manambala."

Anatulutsa bokosi la nsapato lodzaza timakadi tolimba, toboolaboola, tomwe tsopano ankalembapo zokagula kumsika. Anandiuza kuti ali mtsikana, nyanja yamchere inasefukira n'kupha anthu ambiri m'mbali mwa gombe, ndipo boma linafuna kudziwa kuti makoma a mtsinje akwezedwe mpaka pati. Iwo anali atangomaliza masamu ku yunivesite, mkazi yekha m'kalasi mwawo. Ntchito yawo inali kugawa mtsinje ndi nyanja m'timabokosi papepala, n'kuuza makinawo kudzera m'mabowo a makadi kuti mwezi ukakoka chotere, mphepo ikakankha chotere, madzi a m'kabokosi aka apita mu aka. Yankho limodzi linkatenga tsiku lathunthu. Tsiku lina anagwetsa makadi a mwezi wonse pamasitepe, n'kukhala pansi pomwepo kuwasanja akulira. Alendo akabwera ku ofesi ankawatuma tiyi poganiza kuti ndi sekilitale, ndipo pa malipoti pankalembedwa maina a amuna. Izi anazinena mosadandaula, akuthothola phulusa la ndudu m'kambale.

Ine za maina sindinasamale. Ndinangofunsa chimodzi chomwe chinkandidya: madzi alowa m'nyumba mwathu? Ndinkayembekeza kuti anena zija akuluakulu onse ankanena, zoti ndisadandaule. M'malo mwake anati, "Tiye tione." Anafunsa za ku Chikwawa, ndipo ndinawauza za mbuzi ija, nkhani yomwe ngakhale amayi sindinkaikamba nawo. Kenako anati Loweruka mwezi ukhala wathunthu, madzi akwera kuposa masiku onse a mwezi umenewo, ndiye tikawadikire.

Loweruka m'mawa anakhala patebulo ndi pensulo maola awiri. Ankandiwerengetsa manambala mokweza, n'kundikalipira ndikadumpha limodzi. Atamaliza tinapita kumtsinje pang'onopang'ono chifukwa cha mwendo wawo, iwo ndi ndodo, ine ndi kirayoni wanga wachikasu. Panali masitepe amiyala otsikira kumatope, obiriwira ndi ndere cha kumunsi. Anawerenga kuchokera pamwamba, n'kundilozera ndi ndodo pakhoma pambali pa sitepe yachisanu ndi chimodzi. Ndinalemba mzere. "Afika apa cha m'ma 3 koloko," anatero. "Ndikhoza kuphonya ndi chikhatho chimodzi, chifukwa mphepo siindimvera. Koma taona kutalika kwa khoma lotsala."

Masana tinabwerera, ndipo amayi anabwera nafe ali chivalire yunifomu. Kunkawaza kamvula. Madzi abulauni ankameza masitepe imodziimodzi, atanyamula mabotolo ndi mpira wophulika. Ndinagwira dzanja la amayi mpaka anati ndikuwapweteka. Sitepe yachisanu ndi chitatu inamira, yachisanu ndi chiwiri inatsatira, ndipo miyendo yanga inkafuna kuthawa yokha. Mayi Garrod anangoyatsa ndudu. Madzi anafika zala zitatu pansi pa mzere wanga, anagwedezeka pamenepo ngati akuganiza, n'kukhala. Tinadikira. Patapita nthawi ndinaona kamzere konyowa pamwala pamwamba pa madziwo, ndipo ndinazindikira kuti ayamba kubwerera.

Ndinalira kwambiri kuposa masiku onse a mantha aja, koma kunali kulira kopepuka, ndipo njala inandigwira pomwepo. Tinagula tchipisi pakona, ndinadya zanga ndi theka la za amayi. Amayi, omwe sankagonja msanga, anayang'ana mzerewo n'kunena kuti, "Komatu amodelo awa ndi odziwa zinthu." Titafika kunyumba ndinatsitsa nsapato pafiriji. Lolemba amayi anapita kuntchito nthawi yake, ine ndikuwabayibitsa pazenera.

Mayi Garrod anamwalira ndili ku sekondale, ndipo pa mwambo wa maliro awo tinalipo anthu ochepa. Ndili mwana ndinkakhulupirira kuti anaulamula mtsinje uja n'kuwamvera. Nditakula ndinadziwa kuti nthawi ndi msinkhu wa madzi zinkasindikizidwa m'nyuzipepala, ndipo nyuzipepalayo inali patebulo pomwepo, pansi pa tipoti. Akanatha kungowerenga mphindi imodzi. Anawononga maola awiri ndi pensulo kuti ndione ndekha kuti madzi ali ndi chifukwa chokwerera, ndiponso chifukwa chobwerera. Aliyense ankandilonjeza kuti sikudzasefukira, ndipo sindinakhulupirire aliyense. Amene ndinamukhulupirira ndi yekhayo amene anavomera kuti akhoza kuphonya ndi chikhatho chimodzi.