Ngala Yopanda Mbalame

Ndikakumbukira Marichi wa chaka chimene ndinali sitandade folo, ndimaona amalume atagona chafufumimba mumzere wa mapira kwathu ku Nazombe, kamera ili pamphuno, mame atanyowetsa malaya awo mpaka m'khosi. Anali mlongo wawo wa amayi, wojambula zithunzi za maukwati ndi makwaya ku Limbe. Chaka chimenecho anabwerera kumudzi ataonda, akutsokomola, njinga atagulitsa. Chimene anasunga ndi kamera yokha, ndipo mufilimu yake munatsala malo a chithunzi chimodzi.

Mvula inali ikukata. M'minda munkanunkhira mondokwa wootcha ndi masamba a maungu owola, ndipo m'mawa phiri la Michesi linkafunda nkhungu. Mapira anali atayamba kukhwima, mbalame zadzadza. Ntchito yanga inali kukhala pansanja pakati pa munda ndi kukoka chingwe chimene tinamangirira zitini zokhala ndi timiyala, uku ndikukuwa mpaka mawu kusasa. Amayi ankati mwana wosinza pansanja amalimira mpheta. Mapirawo ndiwo anali mbewu yathu ya chaka chamawa, ndiponso chimera cha thobwa.

Anthu ankabwera kudzapempha kuti chithunzi chotsalacho awajambule ndi mwana wakhanda kapena ndi wailesi yatsopano, koma amalume ankakana. Ankafuna mpheta ina yamphongo, yofiira ngati khala la moto, yakuda kumimba. Anandiphunzitsa kuiyang'ana: mmene inkafufumitsira nthenga za m'khosi, mmene inkaulukira pang'onopang'ono pamwamba pa bango ngati chinjuchi chonenepa. Anandiuza kuti kufiirako ndi kwa nyengo yamvula yokha, kukayamba kuzizira imavula n'kukhala yotuwa ngati zinzake. Vuto linali lakuti kamera yawo sinkakoka zakutali. Mbalameyo inayenera kutera pafupi, ndipo sikanatera pafupi ine ndikugwedeza zitini.

Tinapangana mobisa. M'mawa uliwonse, dzuwa lisanaumitse mame, ndinkasiya chingwe kwa kanthawi. Mphetazo zinkadya, ine ndikulakalaka kukoka chingwe, koma amalume akanditsinzinira diso ndinkapirira.

Tsiku lina inateradi, pangala yoyang'anizana ndi nkhope yawo. Ngalayo inawerama, dzuwa linaiwomba pamsana, ndipo ndinaona chala cha amalume chikuyamba kusuntha. Nthawi yomweyo ndinaonanso amayi akutsika m'kanjira ndi khasu paphewa, maso awo ali pachigulu cha mbalame chimene chinali chitaphimba kumunsi kwa munda. Sanandikalipire. Dzanja langa linakoka chingwe lokha.

Zitini zitaleka kulira, amalume anadzuka, nasasa dothi m'mawondo, natsokomola nthawi yaitali. Kenaka anaseka.

“Iwe ndiwe mlonda weniweni, mphwanga. Achemwali, mwanayu mumuonjezere ndiwo lero.”

Sanayambe ayitchulanso nkhaniyo. Anapitirizabe kubwera kumunda, kamera atasiya kunyumba, kumangokhala pansi pa nsanja kuyang'ana mpheta yawo ikuthothoka kufiira tsiku ndi tsiku. Tinawaika m'manda tisanamalize kupuntha mapira. Patapita miyezi, mnzawo wina anakatsukitsa filimu ija ku Limbe n'kutibweretsera zithunzi. Maukwati a eni ake, kwaya ya eni ake, ndipo chomalizira chinali ngala imodzi ya mapira yosaoneka bwino chifukwa chogwedezeka, pakona pake kakufiira kochepa ngati kadontho ka magazi.

Amayi mpaka lero amati ndinachita bwino, ndipo mbewu ya mapira amene ndimalima inachokera m'munda umene uja. Zoona. Komabe mtima sumva zimenezo. Masiku ano foni imajambula kambirimbiri, ukaphonya umabwereza, ndiye mwana wanga samvetsa chifukwa chake ndimasunga chithunzi cha ngala yopanda kanthu m'Baibulo. Chaka chino ndinayamba kupita naye kunsanja. Ndamuphunzitsa kukoka chingwe mwamphamvu. Koma yofiira ija ikatera, ndimamugwira dzanja, n'kudikira kufikira itanyamuka yokha.