Chala cha achemwali ndi njinga ya mkamwini

Lachiwiri lapitali ndinakwera njinga yamoto ngati thumba la mtedza. Kutsogolo kunali Chikumbutso, mwini njinga. Kumbuyo kunali achemwali anga aakulu, a Nabanda, omwe ndi apongozi ake. Pakati ndiye ine, mphunzitsi wa Chingerezi wopuma pantchito, nditasanduka mpanda.

Nkhani yake ili chonchi. Achemwaliwo ali ndi matenda a shuga, ndiye anabayidwa ndi chitsa kumunda, chala chachikulu cha kuphazi n'kuyamba kuda. Kwawo, kuseri kwa Malomo, mvula ikagwa minibasi siyerekeza n'komwe. Chokwera m'mudzimo ndi njinga ya mkamwini wawoyo basi. Iye anatuma mkazi wake kangapo kukawachonderera kuti awatengere kuchipatala ku boma, koma anakanitsitsa. Paja pamatope wakumbuyo amagwira woyendetsa m'chiuno. Agwire mkamwini m'chiuno? Munthu amene akakumana naye panjira iwo amapatukira m'chimanga? Mwana wawo akanawaperekeza, koma ndi woyembekezera, mwezi wake wayandikira.

Nditamva ndinathamangirako, n'kulalata mpaka kukhosi kuuma. Iwo anati kuli bwino phazilo liwole kusiyana n'kuchita zopanda manyazi. Ndiye ndinati chabwino, agwire ineyo, ine ndigwire mkamwini.

Kuchipatala tinapeza dokotala wachizungu, mayi wodzathandiza kwa kanthawi. Ataona chalacho anandifunsa m'Chingerezi chomwe tinachedwera chonchi. Ndinatsegula pakamwa, ine amene ndinadya fumbi la choko zaka zonsezi, koma liwu la Chingerezi lofotokoza manyazi awowa osalipeza.

Sikuti Chingerezi n'chosauka pankhaniyi ayi. Lilipo liwu la mbala imene yagwidwa pamsika. Lilipo la bwana amene wachotsedwa pampando, ulemu wonse n'kumuthera. Lina ndi la munthu amene waterereka n'kugwa anthu akuona, linanso la mwana wobisala kuseri kwa chitenje cha amake. Ndinawayesa onsewa m'mutu, palibe lowakwana achemwali. Sanabe, sanagwe, komanso si amantha. Amenewa amadzudzula azibambo pamsonkhano wa kumphakati osaphethira. Ndinangoti ndi mwambo wathu. Dokotala anavomera ndi mutu, ine ndikudziwa kuti sanatolepo kanthu.

Chichokereni kumeneko ndakhala ndikudzifunsa. Kodi anzathuwa manyazi amawamva pokhapokha zinthu zitalakwika kale? Kwathu kuno manyazi amatsogola. Munthu amachita manyazi asanalakwe, n'cholinga choti asalakwe.

Ndipo musafulumire kuseka, inu owerenga a m'tauni. Chikumbutso wakhala pachikamwini kuyambira pomwe anakwatira, nyumba zoyang'anana ndi apongozi, koma sanaponyeranepo liwu loipa ngakhale limodzi. Nanga inu amene mumapisa m'mbale imodzi ndi apongozi, kuonera nawo mpira mpando umodzi, ndi angati munganene zimenezo?

Komabe akuluakulu omwewo amene anatiphunzitsa kupatuka panjira ndi amenenso anati manyazi anapha lambe. Ndiye malire ake ali pati?

Chalacho anachidula m'mawa mwake. Dokotala anati tikanafulumira akanangotsuka bala n'kutipatsa mankhwala. Zinandipweteka, sindinama. Achemwali amenewa ndi amene ankandibereka kumbuyo popita kudimba.

Madzulo ndinalowa mu wodi ndi mabanzi amene Chikumbutso anagula, iye atatsalira panja pansi pa mtengo. Ndinawafunsa achemwali ngati tsopano sakuona kuti anataya chala pachabe. Anandiyang'ana ngati ndine mwana wa sitandade wani.

"Achimwene, opanda chala alipo ambiri ndipo akuyenda. Nanga wopanda manyazi amayenda bwanji pamudzi?"

Ndinakhala pamphepete pa bedi n'kuyamba kunyema banzi. Inu mukanawayankha chiyani?