Dzina la Mayi Wamakala

Inu amene mukuona ngati zitseko zonse zakutsekerani, khalani pansi ndikuuzeni za mayi wina wogulitsa makala.

Mwamuna wake atamwalira, mayiyu anatsala ndi mwana mmodzi wamkazi, mphasa ndi ndowa. Nyumba inali ya lendi, ndipo mwini wake sanadikire kuti misozi iume. Mlamu wake, mchemwali wa malemuyo, amene ankakhala kutsidya kwa malire, anati, "Mwanayu ndimutenge kaye, mlamu, mpaka mutapeza pogwira."

"Kaye" ameneyo anatha zaka.

Mayiyo ankagona m'khitchini mwa mlongo wake, m'mawa n'kukaunjika timilu ta makala pakona ya msewu. Thumba limodzi linabala awiri, awiri anabala kashedi ka malata, mpaka anthu anangomutcha Amakala. Atapeza kachipinda kakekake, anagula matiresi awiri, ngakhale ankagona yekha. Ana asukulu akamadutsa ankawayeza ndi maso, n'kumati wanga ayenera kuti wafika msinkhu wa uyo. Pafoni mwanayo ankangoyankha kuti "eya" ndi "ayi", ngati akulankhula ndi mlendo. Zimenezi zinkamupweteka kuposa njala.

Tsiku lina mlamu uja anavomera kumubweza mwanayo. Koma anati pamalire sangamulole kudutsa ndi mwana wosakhala wake popanda chikalata cha mayi ake, cholumbirira pamaso pa loya wodinda zikalata.

Pabanja pawo zamapepala zonse ankagwira ndi mlongo wakeyo, poti Amakala sukulu anangoidutsa pakhomo. Mlongoyo anakalembetsa chikalata, ndipo pofuna kuthandiza, anasainiratu dzina la mchemwali wake, mokhotetsakhotetsa ngati bwana.

"Magazi ndi amodzi, dzanja ndi limodzi," anatero monyadira. "Kwatsala chidindo basi."

Ofesi ya loyayo inali pamwamba pa sitolo ya nsapato. Munali benchi, makabati ndi tebulo, patebulopo pali chidindo chachitsulo chokhala ngati pulayazi. Loyayo anali mayi wachikulire, magalasi ali kunsonga kwa mphuno. Anayang'ana pepala, kenako manja akuda a Amakala.

"Mwasaina ndinu, mayi?"

"Asaina achimwene. Koma mwana ndi wanga."

"Chitupa chanu chili kuti?"

"Chinasowa nthawi imene ankatitulutsira katundu panja."

Loyayo anabweza pepalalo mwaulemu. "Chidindochi chimanena kuti ndakuonani ndi maso anga, ndatsimikiza kuti ndinuyo, ndipo mwasaina nokha mukudziwa zimene mukusainira. Ndikadinda lero, mawa wina adzabwera n'kunena kuti ndi inuyo, n'kutenga mwana wanu. Kapezeni chitupa. Kulemba kukavuta, mudzadinda chala."

Potsika masitepe mlongoyo ankang'ung'udza kuti anthu ophunzira amakonda kuvutitsa. Amakala anakhala pasitepe yomaliza n'kulira ngati maliro ayambiranso.

Koma kulira sikutulutsa chitupa. M'mawa mwake anasiya shedi m'manja mwa mnzake wogulitsa tomato, n'kukaima pamzere ku ofesi ya zitupa. Anamuuza kuti abwere mawa. Mawa lake anati abwere ndi mboni. Atabwera ndi mboni anati makina afa. Nsapato zinatha, iye osatopa. Paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Podikira chitupacho, mawu oti "mudzadinda chala" ankamudya mumtima. Mwana wake ankadziwa kuwerenga. Kodi adzatsegule pepala n'kupeza kachala kakuda m'malo mwa dzina la mayi ake? Anapempha watomato uja kuti amulembere dzina lake pakatoni. Makasitomala akachepa, ankatola kakala n'kumatsanzira. Zilembo zoyamba zinkaoneka ngati nkhuku yapalasa.

"Koma Amakala, mukufuna mutilande ukalaliki?" ankamuseka anzake.

"Sekani, mano ndi anu," ankayankha, dzanja osaima.

Chitupa chitatuluka, anakweranso masitepe aja ndi pepala latsopano losasaina. Loyayo anayerekeza chithunzi ndi nkhope, anamuwerengera chikalata chonse pang'onopang'ono, anamulumbiritsa, kenako anamukankhira kabokosi ka inki yodindira chala.

"Ayi, mayi. Ndibwerekeni cholembera."

Thukuta linatuluka, cholembera chinkaterera, koma loyayo sanamufulumizitse. Dzina litatha, loyayo anasaina pansi pake, n'kupana pepalalo ndi chitsulo chija mpaka chidindo chinatukuka. Amakala anachisisita ndi chala. Tsiku lomwelo anatumiza chikalatacho kwa mlamu wake.

Tsiku lofika, basi itaima padepoti, mlamu anatsika ndi mtsikana wamtali, woposa onse amene mayi ake ankawayeza pamsewu. Mtsikanayo anaima chapatali, envelopu ili pachifuwa. Amakala anafuna kuthamanga kukamukumbatira, koma anaopa kumuopseza.

Mwanayo anatulutsa chikalata, n'kuloza pansi pake.

"Azakhali amati simudziwa kulemba. Apa munalemba ndinu?"

"Ndine, mwanawe. Ndekha."

Mtsikanayo anayang'ananso pepalalo. "Chilembo ichi mwachitembenuza."

"Ndiye udzandiphunzitsa."

"Chabwino, amayi," anatero, n'kuwagwira dzanja lamakala lija osaopa kuda.

Wokondedwa, mwina nawenso wabwezedwa pakhomo lina, pepala lili m'manja, ndipo amene ukumulakalaka akadali kutali. Usafune njira yachidule, ndipo usalole wina akusainire moyo wako. Pukuta misozi, konza chimene chasowacho, ukwerenso masitepewo. Osataya mtima, wako akukudikira.