A Levulo ndi Njerwa ya Pansi

A Levulo anali mmisiri womanga, ndipo dzinali silinali la makolo ayi. Anawapatsa ndi anthu a mumsewu wathu chifukwa cha kachipangizo kaja koyezera ngati khoma laongoka, kokhala ndi kadontho ka madzi pakati. Ankayenda nako kulikonse. Akuti tsiku loyamba kukaonekera kwa apongozi anakaika patebulo, n'kupukusa mutu. Zoona kapena zabodza, kafunseni tebulolo.

Mipanda yonse ya njerwa mumsewu uja, kuyambira pa golosale mpaka kukafika ku ngalande, anamanga ndi iwo. Kale kunalibe mipanda. Nkhuku ya uyu inkaikira kwa uje, anthu n'kumakangana bwinobwino monga anansi. Kenaka aliyense anafuna kudzitsekera, ndipo a Levulo ndiwo anali wotseka. Simenti sankaumira, ankathira ngati akwiyira mchenga. Ankadzitama kuti pa khoma lawo ngakhale nyerere imafika n'kubwerera.

Malo amene ankakhala anali a malemu bambo awo. Nyumba zinali ziwiri pabwalo limodzi, ina yawo, ina ya mng'ono wawo, telala woonda wokonda kuseka, amene tonse tinkangomuti a Telala. Tsono mukudziwa inu, mmisiri amagona m'nyumba yothonya. A Telala anapempha achimwene awo kuti awamangire khitchini. Yankho linali mawa. Mawa ameneyo anatha zaka ziwiri, mlamu wawo, mkazi wa a Telala, akuphikira panja, mvula ikumuzimira moto. Mapeto ake a Telala anakatenga mmisiri wina wa kutsidya kwa ngalande, munthu amene a Levulo ankati sasiyanitsa njerwa ndi buledi.

A Levulo anangokoka chingwe pakati pa bwalo, n'kuyamba kukumba. Masiku atatu mpanda unali utaima, wa njerwa ziwiri m'lifupi, wautali kuposa munthu. Mpata womaliza anautseka tsiku lachitatu dzuwa litalowa kale, chingwe akuchiona movutikira.

M'mawa mwake, akusamba m'maso kuseri kwa nyumba, anamva kulira kwa tswii, tswii, ngati anapiye. Anati ndi mbalame. Tsiku lachiwiri kulirako kunali kocheperako, ndipo madzulo ake anamva mawu a mng'ono wawo kuseri kwa mpanda.

"Achimwene, kuno kuli kanyama kakungoyenda m'mbali mwa khoma lanuli. Kakufuna polowera."

"Kaitanireni mmisiri wanu," anayankha a Levulo.

Tsiku lachitatu kunali zii. Akazi awo, posuntha malata akale amene anali ataunjikidwa pansi pa mtengo, anapeza chisa cha masamba ouma, m'katimo muli tiana tinayi ta kanungu, titauma kale. Kwa inu okulira m'nyumba zosanja, kanungu ndi kanyama kosaposa chibakera cha munthu wamkulu, kaminga thupi lonse koma kamanyazi. Ukakakhudza kamadzipinda n'kukhala ngati mpira. Masana kamagona, kukayamba kuda kamayendera timadimba kudya nkhono ndi mbozi, ndipo sikadziwa kuti bwalo ili ndi la yani. Make wa tianato anali atatuluka kukasaka chakudya madzulo aja, a Levulo n'kumutsekera kunja. Minga ya tianato inali idakali yoyera, yofewa ngati ndevu za mnyamata.

Munthu wanzeru akanachotsa njerwa tsiku lomwelo. Koma mmisiri sagumula chimene wamanga pamaso pa munthu amene wamunyoza. A Levulo anatikwirira tianato patsinde pa mpanda, n'kupita kuntchito.

Zinatha zaka khumi ndi chimodzi abale awiriwo akukumana pamsewu n'kumayang'ana nsapato. Kenaka a Telala anadwala chifuwa, ndipo sichinawachedwetse. Pamaliro a Levulo anakhala tsidya lina la msewu pa ndowa yovundikira, chipewa chili m'manja, geti la mng'ono wawo osalidutsa. Mawu omaliza amene anamuuza m'bale wawo anali aja a mmisiri aja.

Patatha sabata imodzi kulira kuja kunabweranso. Tswii, tswii. Ankakumva posakaniza simenti, pomanga zingwe za nsapato, ngakhale pakati pa phokoso la pamsika. Akazi awo ankati sakumva kalikonse kupatula mkonono wa iwo omwewo. Anapita kuchipatala, namwino n'kuwatsuka makutu kawiri. Kulirako kunangoyamba kumveka bwino.

Apa ndi pamene anthu anati a Levulo mutu wapendekeka. Anasiya kumanga. Anatenga hamala ndi tchizulo, n'kuyamba kugogoda pa mageti a anthu onse amene anawamangira, kupempha chinthu chimodzi: awalole achotse njerwa imodzi yokha, ya pansi penipeni, kuti tinyama tizidutsa. Mayi wogulitsa makala anafunsa ngati sipadzalowera akuba. A Levulo anati wakuba wokwana pa bowo la njerwa imodzi ndi wofunika kumupatsa chakudya, osati kumumenya. Aphunzitsi opuma ntchito anafuna pempholo lilembedwe pa pepala, ndipo atalilandira analikonza ndi cholembera chofiira asanavomere. Wina anaopa njoka. Anamuuza kuti njoka siidikira chilolezo, imakwera pamwamba. Ambiri anavomera chifukwa nkhono zinali zitawathera masamba m'timadimba tawo, ndipo palibe amene anakumbukira chaka chimene anaonapo kanungu komaliza.

Njerwa imodzi inkawathera theka la tsiku. Pamenepo ndi pamene anaidziwa simenti yawo. Ankatukwana mmisiri amene anamanga zoterezi, eni nyumba ali pakhonde kudzigwira pakamwa. Akamaliza ankasiya kambale kophwanyika m'mphepete kokhala ndi madzi. M'maenje a zinyalala ankatsamiritsamo thabwa kuti kogweramo kapeze pokwerera, ndipo aliyense wofuna kutentha mulu wa masamba ankamuuza kuti ayambe wautembenuza ndi ndodo. M'zaka zitatu anaboola mabowo makumi awiri ndi atatu. Achule anabwerera, abuluzi nawonso. Aphunzitsi aja anapeza timanyi takuda ta kanungu pa kapinga wawo, n'kukaitana msewu wonse kudzaona ngati mwana wawo wakhoza mayeso.

Koma kwa a Levulo eni ake sikunafike kanthu. Bwalo lawo linali ngati bokosi: kutsogolo msewu wa magalimoto, kumbuyo ndi mbali imodzi chikhoma cha nyumba yosungiramo katundu, chimene sichinali chawo. Njira yokhayo yochokera ku tchire la ku ngalande inali kudzera pabwalo la malemu a Telala, pamene tsopano pankakhala mkazi wamasiye yekha. Mabowo onse aja anali ongozungulira khoma limodzi limeneli. Iwo ankadziwa, akazi awo ankadziwa, ndipo kulirako nako sikunaleke.

Tsiku lina m'mawa anadziuza kuti khomalo ndi lawo, sakufunika kupempha munthu. Anagwada pamalo paja anakwirira tianato, n'kuyamba kukhoma. Sanafike patali.

"Alamu, mukugumula kapena mukugogoda?" Anali mawu a mkazi wa a Telala, kuseri. "Ngati n'kugogoda, khomo lili kumsewu."

"Ndikungochotsa njerwa imodzi, alamu."

"Zaka khumi ndi zinayi osakumvani mawu. Ndimayesa munameza tchizulo."

A Levulo anapitiriza kukhoma. Njerwa yoyamba inatuluka zidutswazidutswa. Yachiwiri, ya mbali ya kuseri, anaiphwanya dzuwa lili pamutu. Anapisa dzanja kuti amve mphepo, koma chimene anagwira ndi dothi, lonyowa, lodzaza mizu. Munthu amene anayeza makoma a msewu wonse anayeza ili ali mbali yake yokha. Sanaganizepo kuti nthaka ya kuseri ingakwere iwo osauzidwa.

Mlamu wawo anawauza kuti malemuwo anaunjika dothi m'mbali monse mwa mpandawo n'kudzalapo masamba, ndipo kuti iye msana wake unapuma ntchito kalekale. Ngati akufuna bowo, abwere ndi fosholo.

Kuchoka pa geti lawo kufika pa geti linalo ndi mapazi makumi anayi. A Levulo anayenda ngati akupita kukazulidwa dzino. Anaima pagetipo nthawi yaitali, fosholo ili paphewa, mpaka mayiyo anafunsa ngati akudikira kuti awabereke. Analowa. Khitchini ija inali chiimire, yoongoka bwinobwino, ndipo zimenezi zinawapweteka kuposa chipongwe chilichonse. Pakhonde panali makina osokera atafunditsidwa nsalu. Anayang'ana kumbali.

Anazula masamba, n'kuyamba kukumba patsinde pa khoma. Dothi linali litakwirira mizere itatu ya njerwa. Atatsala pang'ono kufika pansi, fosholo inagunda chitsulo. Inali sizasi yaikulu ya telala, yadzimbiri, yothyoka kunsonga. Anapalasa ndi dzanja. Njerwa ina ya mzere wa pansi, kumanzere pang'ono kwa bowo lawo, inali yokumbika pakati, kadzenje kolowa theka la chala, kozunguliridwa ndi mikwingwirima yambirimbiri.

Mlamu wawo anali atakhala pa mpando kumbuyo kwawo. Anafotokoza mosakweza mawu, ngati akunena za mtengo wa sopo. Kanyama kaja kanayenda m'mbali mwa khomalo sabata yathunthu, uku ndi uku, mpaka kanapanga kanjira. Malemuwo anayamba kukanda njerwayo tsiku lomwe anayankhidwa za mmisiri. Hamala analibe, tchizulo analibe, ndipo mwini zipangizo mumsewu wonse anali mmodzi. Kanyamako katasowa iwo sanasiye, ankabwererapo akatopa kusoka, miyezi ingapo.

"Anathyola masizasi awiri," anatero mayiyo. "Kenaka anati simenti ya achimwene yandikana. Dothili anathira kuti asamaone kanjirako."

A Levulo anakhala chogwada, sizasi ili m'manja. Anaika sizasiyo pambali, n'kulowetsa tchizulo m'kadzenje komweko ka mng'ono wawo. Mlamu wawo anawakumbutsa kuti bowo lawo latha kale, langotsala kuchotsa dothi. A Levulo anati akudziwa. Anaphwanya njerwa ya a Telalayo, n'kuzungulira kumsewu kupita kwawo, kukaboola inzake yoyang'anizana nayo. Bowo loyamba lija analitsekanso, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo anasakaniza simenti yochepa.

Madzulo anabwereranso kwa mlamu wawo. Anagona chammimba, tsaya lili padothi, n'kusuzumira. Anaona bwalo lawo lomwe monga linkaonekera kuchokera kuno: mtengo, ndowa, ndi mapazi a akazi awo ataima pafupi ndi khoma.

"Nanga kulira kuja kwatha?" anafunsa mlamu wawo.

A Levulo anadzuka msanga, n'kufunsa kuti za kulira wamuuza ndani. Mayiyo anaseka koyamba tsiku limenelo. Anati amene anadana ndi amuna. Akazi awiriwo ankakumana ku msika Lachisanu lililonse zaka zonsezi, ndipo panalibe chimene sankauzana.

A Levulo anayankha kuti kulirako kwatha. Ananama.

Anawaza mchenga wosefa pakhomo pa bowolo, mbali zonse ziwiri, n'kuusalaza ndi chikhatho kuti chodutsapo chisiye mapazi. Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse amayang'ana mbali yawo, kenaka amayenda mapazi makumi anayi aja kukayang'ana mbali inayo. Mlamu wawo amawasiyira geti losakhoma ndi mpando, n'kumawanena kuti akutha tiyi wa mkazi wamasiye. Pamchengapo apezapo mapazi a chule, a buluzi, tsiku lina a khoswe. A kanungu sanaonekebe. A Levulo amagwada, kuyang'anitsitsa, mutu atapendeketsa ngati munthu amene akuitanidwa chapatali, kenaka amasalazanso mchengawo.