Mawu a Malemu pa Foni ya ku Mphamba

Ndinene zoona, ntchito imeneyo ndinkaiderera. Bungwe lathu la alimi pa boma la Lundazi linali ndi wothandiza wa pakompyuta, uja amati AI, woyankha alimi pa foni. Iyeyo alibe manja. Amagwira ntchito ndi zida zimene amupatsa, china chofufuzira za mvula, china chotumizira uthenga. Chida chilichonse chili ndi mawu ochifotokoza, ndipo iye amangokhulupirira mawuwo basi. Ukamuuza kuti khasu ndi lolimira, osamuuza polima, adzalima ndi pamanda pomwe. Ine ndinkawerenga mafotokozedwewo n'kunena ngati ali bwino kapena ayi.

Chida china anachifotokoza motere: "Chimabwereza mawu amene mwini nambala anajambula komaliza, kuti akumbukire zomwe anafunsa." Ndinawerenga kamodzi, uku ndikutafuna mtedza. Chiganizo chachifupi, chomveka. Ndinachonga. Mwini nambala! Ine mwana wa konkuno, wodziwa kuti foni imodzi ndi ya nyumba yonse, ndiponso kuti mwamuna akamwalira nambala salowa nayo m'manda. Kaya mutu wanga unali kuti tsiku limenelo.

Patapita miyezi, mlangizi wathu wa ku Mphamba anafika ku ofesi pa njinga thukuta lili kamukamu, n'kundifotokozera zimene zinachitika. Mlimi wina wa fodya anali atamwalira, n'kusiya ana awiri ndi mkazi wochokera ku Kasungu. Asanamete maliro, mayiyo anaimba nambala yathu masana kufunsa za mbewu ya mtedza. Anali pakhonde, apongozi ndi alamu akutong'ola chimanga pomwepo, ndipo foni yake inali yotulutsa mawu mokweza. Wothandiza uja anamulonjera bwinobwino. Kenaka m'fonimo munatuluka malemu, mawu ake enieni, ndi chifuwa chake chomwe.

"Ndikufunsa, munda uja wa kumtsinje, ndiusiye kapena ndiulime?"

Anatsokomola kawiri, foni n'kukhala zii.

Abale a malemu anagamula kuti mkaziyo wagwira mzimu wa mwamuna wake ndipo sakufuna kuumasula. Anamupatsa mpaka Loweruka kuti abwerere kwawo. Munda ausiye, nyumba aisiye, ana atsale.

Mlangizi atatuluka ndinawamvera mawuwo pa kompyuta. Ndinachita manyazi, ndinadzikwiyira, ndipo ine ndikakwiya sindidikira. Pomwepo ndinalembanso mafotokozedwe aja: chidachi chisagwiritsidwe ntchito pokhapokha mwiniwake wa mawuwo atapempha yekha. Akuluakulu anavomereza madzulo asanakwane. Ndinapita kunyumba ndikudziona ngati munthu wogwira ntchito.

Lachisanu ndinakwera minibasi kupita ku Mphamba. Ndinawapeza abale aja atakhala pansi pa mtengo wa mango, mayi wamasiye ali payekha pamkeka, mpango wakuda kumutu.

"Monire mose," ndinawalonjera m'chinenero cha kumeneko.

Anayankha mozizira. Ndinafotokoza zonse, kuti malemu anajambula mawuwo ali moyo, kuti wolakwa ndine. Mlamu wamkulu, mkulu wake wa malemu, anandimvetsera mpaka kumapeto.

"Amayi, ngati ni makina, imbani timvele tonse," anatero. "Makina sasankha munthu."

"Chabwino, bambo," ndinayankha monyada, chitsiru ine.

Ndinatenga foni ya mayiyo, ya mabatani, yomangidwa ndi mphira. Ndinaimba. Wothandiza analonjera n'kufunsa kuti atithandize chiyani. Tinadikira. Malemu osatuluka. Ndinaimbanso, chimodzimodzi. Apo m'pamene ndinakumbukira zimene ndinalemba dzulo lake.

"Bwerezani mawu amene anajambulidwa komaliza," ndinatero.

"Pepani, amenewo ndingabwereze kwa mwiniwake yekha," linayankha liwu lija mwaulemu. "Kodi mwiniwakeyo ali pafupi?"

Apongozi anatembenuka pang'onopang'ono kuyang'ana chitseko cha nyumba ya malemu, ndipo tonse tinayang'ana komweko, ine ndemwe. Chitsekocho chinali chotseguka pang'ono.

"Mwaona," anatero mlamu uja chapansipansi. "Kwa imwe wakana kukamba. Kwa uyu anakamba."

Ndinalumbira, ndinachonderera, ndinalonjeza kubwera ndi kompyuta kuti amve okha. Anandithokoza chifukwa chobwera, n'kuimirira. Nkhani inali itatha.

Loweruka ndinamupeza mayiyo pafupi ndi msika wa Lundazi, akudikira galimoto ya kumalire. Anali ndi chikwama chimodzi ndi ndowa. Ndinkayembekeza kuti anditukwana, ndipo zikanandipepukira. Iye anangondiyang'ana.

"Achemwali, ndinu munawazimitsa?"

Ndinavomera ndi mutu.

"Mukanadikirako pang'ono," anatero. "Tsiku lija ana anali kusukulu. Sanawamve bambo awo."