Chimbudzi chokhoma, apongozi anga ataima pakhomo

Inu a paki ya m'mphepete mwa nyanja ija, mwandinyansa. Dzina sinditchula, mukudzidziwa.

Loweruka tinanyamuka ku Chamama, ine, mkazi wanga ndi mayi ake. Apongozi angawa chibadwire nyanja anali asanaionepo. Fodya wanga wa chaka chino anasankha ndi iwo m'chigafa, tsamba ndi tsamba, ndiye ndinati ndiwathokoze.

Tinafika cha m'ma 11. Pageti ndalama analandira msangamsanga, mano onse pamtunda. Titangolowa, mkazi wanga anandinong'oneza kuti mayi akufuna kukataya madzi. Ali ndi shuga, sangadikire. Anapirira njira yonse, poti zoterezi sanganene pali mkamwini.

Chimbudzi choyamba, Ambuye! Ntchentche, fungo, poponda palibe, chitseko chinachoka kalekale. Pambali pake pali china chopaka penti bwinobwino, koma chili ndi loko. Ndinapita kwa bambo wayunifolomu amene ankakukuta chimanga pansi pa mtengo, kiyi akulendewera palamba.

"Chimenecho n'cha alendo," anatero, osadzuka n'komwe.

"Nanga ife ndi eni mudzi?"

Akuti alendo ndi aja ogona, obwera ndi matenti. Ife ndife ongodutsa.

Ndinachonderera. "Achimwene, ndi munthu wamkulu uyu, akudwala." Akuti kiyi sachoka palamba popanda abwana, ndipo abwanawo ali kutauni. Mkazi wanga anati basi, awaperekeze kuseri kwa tchire. Apo ndiye munthu anadzuka! Akuti ano ndi malo otetezedwa, tisaipitse chilengedwe. Chilengedwe chake chiti? Chomwe chikununkha pambali panupo?

Tili mkati mokangana, apongozi anangokhala pansi n'kudzifunditsa chitenje kumutu. Zinali zitachitika. Ine mkamwini ndili pomwepo. Ndinatembenuka n'kumayang'ana mtengo ngati chitsiru.

Mafunde tinkawamva kuseri kwa mitengo. Apongozi anakana kupitako. Tinabwerera, iwo atakhalira thumba kumpando wakumbuyo wa galimoto mpaka kwathu.

Chichokereni kumeneko, akangomva mawu anga pabwalo amalowa m'nyumba n'kutseka.

Anzanga, wamkulu wanu musapite naye kumalo amenewo. Ndipo inu abwana a kutauni, kiyiyo mukutetezera ndani? Ndiyankheni, chifukwa dzulo mayi aja anatuma mwana wawo kuti adzandipepese. Akuti anandiwonongera ulendo.